Dengu la mayina: Lamulungu lomwe tidalira maliro a nkhondo ku Mtengowanthenga

Agogo anga aakazi sadziwa kulemba, koma masiku a mpingo sawaphonya. Lachisanu lomaliza la Okutobala adandiimbira pa foni ya msuweni wanga, ndipo sadataye nthawi ndi moni wautali.

"Iwe, mawa ubwere. Utenge cholembera ndi pepala labwino. Lamulungu tikulemba akufa."

Ndidayesa kuzemba. Ndidati ntchito yandichulukira, ndipo msuweni wangayo naye adafika Fomu 4, kulemba amatha. Iwo adangoti, "Ndati iweyo," foni n'kudula.

Loweruka masana ndidali m'minibasi ya ku Mponela, titapanikizana anayianayi, kudutsa Kanengo ndi Lumbadzi mpaka kukatsika pa Mtengowanthenga. Kuchoka apo ndidakwera kabaza wa njinga yamoto, fumbi lili kobo. Minda yonse idali itakwezedwa mizere, anthu akungodikira mvula yoyamba.

Kwa inu amene si Akatolika, ndifotokoze pang'ono. Mwezi wa Novembala mpingo umakumbukira omwalira, ndipo tsiku lalikulu ndi la 2 Novembala. Mu 2025 tsikuli lidagwa Lamulungu. Tchalitchi chathu ndi chaching'ono, chimodzi mwa matchalitchi a kumudzi omwe bambo mfumu amafikako mwa apo ndi apo, kotero masabata ambiri mapemphero amatsogolera ndi akatekisiti. Mwezi umenewu amaika dengu patsogolo pa guwa. Banja lililonse limalemba mayina a abale ake omwalira n'kuponya pepalalo m'dengumo, ndipo mayinawo amawerengedwa mokweza mpingo wonse ukumva.

Usiku umenewo tidakhala pakhonde, ine ndikuunika ndi foni, agogo akutchula. Adayamba ndi amuna awo. Kenako ana awo awiri, wina amene ndidamuona, wina amene adapita ali wakhanda ine ndisanabadwe. Amayi awo, achemwali awo. Onsewa ndimawadziwa, ndipo akulu a pamudzi atha kukulozerani pomwe adagona. Nditalemba dzina lachisanu ndi chiwiri ndidayamba kupinda pepala.

"Usapinde. Latsala limodzi."

Adatchula dzina lomwe sindidalimvepo chibadwire. Silidali la m'Baibulo, silidalinso la Chingerezi. Lidali dzina lachikalekale, la mtundu uja sapatsanso ana masiku ano. Pano sindililemba, ndi la pabanja.

"Ameneyu ndiye ndani, agogo?"

"Mlongo wawo wa agogo anga. Mwinimbumba. Adapita ku mtengatenga, sadabwerenso."

Ndisaname, ndidatsala pang'ono kuseka. Kwa ife a m'badwo wa WhatsApp, mtengatenga ndi mawu a pa nkhani za pa wailesi: unduna wa zamtengatenga, mabasi, kukwera mtengo kwa mafuta. Sindidaganizepo kuti kale mtengatenga adali munthu, wa mutu umodzi ndi miyendo iwiri, ndipo katunduyo amakhala pamutupo.

Nkhaniyo agogo adaimva kwa agogo awo. Akuti amesenjala a ku boma ankabwera usiku kudzagwira amuna. Amuna atazindikira, adayamba kugona kuthengo ndi kumapiri. Ndiye amesenjala aja adasintha nzeru: ankagwira akazi n'kuwasunga mpaka mwamuna wa pabanjapo atatulukira yekha. Tsiku limenelo adagwira agogo awo a agogo anga, ali ndi pakati. Mlongo wawo atamva, adatsika m'phiri kudzadzipereka. Adawamanga pa chingwe chimodzi ndi anzake, ulendo wotsikira kunyanja.

Patapita miyezi ena adabwerako, atawonda, mapazi ali zilonda zokhazokha. Iwo ndiwo adati mnzawoyo adamusiya pansi pa mtengo m'mbali mwa njira, akutsegula m'mimba mwa magazi, koma akupumabe. Mawu oti "akupumabe" ndi amene adasautsa banja lathu. Palibe amene akadalengeza maliro a munthu amene adamusiya ali moyo. Siwa sidakhaleko, adzukulu sadakumbe, kumeta sikudachitike. Mlongo wake adakalamba mpaka kumwalira osalola munthu aliyense kumutchula kuti malemu.

"Nanga bwanji chaka chino, agogo? Zaka zonsezi simudalilembetse."

Adakhala chete kaye. Kenako adati mu Januwale adamva pa wailesi za asilikali athu omwe adaphedwa ku Congo, ndipo msuweni wanga adawaonetsa pa foni zithunzi za mabokosi okutidwa ndi mbendera. "Ndinati, koma awa abwera. Amayi awo aona bokosi, alira, ameta. Ndiye ndinakumbuka uja sanabwere. Wodziwa dzinali ndatsala ndekha, mdzukulu wanga. Ndikagona ine lilowa nane m'dzenje."

Nkhondo ya Chiwaya

Kusukulu Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse tidaiphunzira ngati ya azungu okhaokha, yochitikira kutali. Chonsecho idafika panyanja yathu yomweyi mu Ogasiti 1914, pomwe sitima ya Angerezi ya Guendolen idawombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann padoko la Sphinxhaven, kutsidya komwe lero ndi Tanzania. Pa 9 Seputembala chaka chomwecho nkhondo idabuka ku Karonga. Makolo athu adaitcha Nkhondo ya Chiwaya, potengera mfuti ija yolavula zipolopolo osapumira. Inde, mawu omwewa amene ife timangowadziwira pa tchipisi. Katswiri wa mbiri yakale Melvin Page, amene m'zaka za m'ma 1970 adacheza ndi nkhalamba zambiri zomwe zidaiona nkhondoyi, adatcha buku lake dzina lomwelo.

Olemba mbiri amawerengera kuti Nyasaland idapereka asilikali pafupifupi 19,000, ambiri a iwo m'gulu la King's African Rifles, KAR, ndi amtengatenga pafupifupi 200,000. Panthawiyo dziko lonse lidali ndi anthu ongopitirira pang'ono 1 miliyoni. Tangoganizani: pafupifupi mudzi uliwonse udataya manja olimira.

Chifukwa chofunira anthu ochuluka chonchi n'chosavuta kumva. Komwe ankamenyanako misewu idali yochepa, ndipo ng'ombe ndi akavalo zinkafa ndi kashembe. Chakudya cha asilikali, zipolopolo, mahema, zonse zinkayenda pamitu ya anthu, aliyense makilogalamu oposa 20, tsiku ndi tsiku, mvula kaya dzuwa. Ndipo wonyamulayo naye ankafunika kudya, ndiye pankafunikanso ena onyamula chakudya cha onyamula. Ambiri sadafe ndi chipolopolo. Adafa ndi kamwazi, malungo, chibayo ndi njala. Nkhondo itatha mu Novembala 1918, mliri wa fuluwenza udatsatira obwerera kwawo n'kumalizanso ena m'midzi.

John Chilembwe, amene nkhope yake timayenda nayo m'thumba pa ndalama, adaziona izi zikungoyamba. Mu Novembala 1914 adalembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu akuda osauka akukafera nkhondo yosakhala yawo, n'kusiya amasiye opanda wowasamala. Boma la atsamunda silidafune kuti kalatayo iwerengedwe. Mu Januwale 1915 iye adaukira.

Kuno ku Dowa ndi ku Ntchisi chikumbutso cha nthawi imeneyo tili nacho, kungoti sitichitcha choncho. Mganda uja timavina pa Khirisimasi ndi pa zikwati, amuna atandanda m'mizere, atavala zoyera, badza pakamwa, mtsogoleri akulamula ngati sajeni, udachokera ku perete wa asilikali. Kuguba kwawo tidasunga. Mayina a amene sadabwereko ndi omwe adatipulumuka.

Pena mayina alipo. Ku Zomba, pafupi ndi Cobbe Barracks, pali nsanja ya njerwa yokumbukira asilikali a KAR. Ku Lilongwe kuli ina pafupi ndi Capital Hill. Lamulungu lachiwiri la Novembala chaka chilichonse akuluakulu a boma, asilikali ndi atsogoleri a zipembedzo amasonkhana pa malo amenewa, lipenga limalira, 11 koloko ikakwana anthu amakhala chete mphindi ziwiri, kenako n'kuika nkhata za maluwa. Ndi mwambo wolemekezeka, ndipo nkhalamba zovala mamendulo zija zimayeneradi ulemu umenewo. Koma msilikali adali ndi nambala komanso kaundula. Wamtengatenga wogwidwa usiku kumudzi nthawi zambiri adalibe zonsezi. Mu Epulo 2021 bungwe loyang'anira manda a ankhondo la Commonwealth War Graves Commission lidavomera mu lipoti lake kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso mpaka 350,000, ambiri a iwo a mu Africa ndi ku Middle East, sadakumbukiridwe ndi mayina awo monga adachitira ndi azungu. Nduna ya zachitetezo ya ku Britain, Ben Wallace, idapepesa m'nyumba ya malamulo. Kupepesako n'kwabwino, koma sikudafike pakhonde la agogo anga.

"Adali wa kudambwe"

Lamulungu m'mawa nkhani idavuta. Azakhali anga, omwe ndi mmodzi mwa atsogoleri a amayi pa mphakati wathu, adatenga pepala lija kuti aone ngati ndalemba bwino. Atafika pa dzina lomaliza adakwinya nkhope.

"Amayi, ameneyu sangalowe m'dengu. Sadabatizidwe. Inu nomwe mumati adali wa kudambwe."

Amene mudakulira ku Dowa mukudziwa kuti mawu amenewa si ang'ono. Pakati pa tchalitchi ndi gule wamkulu pakhala mpanda kuyambira masiku a amishoni oyamba, ndipo ngakhale lero mabanja ena amagawikana pa maliro: awa akufuna kwaya, awa akufuna zilombo. Azakhali sadali ndi nkhanza ayi. Ankaopa kuti anthu akamva dzina lachilendo afunsa, ndipo zikadziwika anena kuti banja la mtsogoleri likusakaniza.

Agogo sadakangane nawo. Adamanga mpango wawo, adatenga ndodo, nati, "Tiye tikafunse eni dengu."

Tidawapeza akatekisiti kuseri kwa tchalitchi akupukuta fumbi pa nsapato. Adamvetsera nkhani yonse, agogo akufotokoza, azakhali akuwonjezera mbali yawo. Kenako adafunsa funso limodzi lokha: ngati munthuyo adalilidwapo. Agogo adati ayi.

"Amayi, dengu ili si kaundula wa ubatizo," adatero akatekisiti. "Ife timapempherera akufa onse. Kusankha n'kwa Mwini wake. Ponyanimo."

Azakhali adangoti "Chabwino, aKatekisiti," koma nkhope idaonetsa kuti nkhaniyo adzaipitiriza tsiku lina.

Masamba awiri

Tchalitchi chidadzaza kuposa masiku onse. Amayi kumanzere, abambo kumanja, ana pansi kutsogolo, ife achinyamata kumbuyo pafupi ndi khomo pomwe pamapita kamphepo. Malata adali atayamba kale kutentha.

Nthawi yoponya mapepala itakwana, ndidaona mayi wina akuponya masamba awiri a m'kope, olembedwa mbali zonse. Ndimawadziwa ndi maso chabe. Ndi a ku Congo. Adafika ku Dzaleka ali mtsikana, pambuyo pake adakwatiwa m'mudzi woyandikana ndi wathu. Chichewa amayankhula bwino, fodya amasoka ngati wina aliyense, koma anthu amawatchulabe ndi dziko lawo, ena n'kumawaphatikiza m'gulu lija timangoti "Maburundi" posasamala komwe munthu adachokera.

Dzaleka si patali ndi kwathu. Ukakhota pa Dowa Turn-off sutenga nthawi kuti ufike. Malowa adali ndende ya andale m'nthawi ya Kamuzu, ndipo mu 1994 adawasandutsa msasa wa othawa nkhondo. Adakonzera anthu 10,000 kapena 12,000, koma lero mukukhala anthu oposa 50,000, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Ambirife timapitako Lachiwiri kukagula pamsika, kapena kukavina pa Tumaini Festival. Sitikhalira kufunsa kuti anthu amenewa adasiya manda angati kumbuyo, kapena angati mwa abale awo alibe n'komwe manda.

Mnyamata wina pambali panga, amene tidaphunzira limodzi ku pulayimale, adandigunda ndi chigongono. "Aise, taona. Asilikali athu akukafera kwawo, iwo ali phee kuno. Lero atitherenso nthawi ndi mayina awo."

Sindidamuyankhe, ndipo chifukwa chake n'chochititsa manyazi: mawu otere ndidawawerengapo kambirimbiri pa Facebook, ena n'kuwapatsa chala cham'mwamba. Mu Meyi 2023, pomwe apolisi ankasesa othawa nkhondo m'matauni kuwabwezera ku Dzaleka, ndidali m'gulu la oti "lamulo ndi lamulo". Mu Januwale 2025, asilikali atatu a Malawi Defence Force ataphedwa pomenyana ndi zigawenga za M23 kum'mawa kwa Congo, mkwiyo womwewo udabweranso. Imfa ya asilikali athu idatiwawa, ndipo idayenera kutiwawa. Koma sabata zomwezo mzinda wa Goma utagwa, bungwe la United Nations lidati anthu pafupifupi 3,000 adafa kumeneko. Nambala imeneyo ndidaidutsa ndi chala ngati malonda a bando.

Akatekisiti adayamba kuwerenga. Amene simudamvepo mwambowu mungaganize kuti ndi wotopetsa, ndipo mphindi zoyamba umaterodi. Dzina, dzina, dzina. Pakatha banja limodzi mpingo umayankha pemphero lalifupi. Koma pang'onopang'ono umayamba kumva kuti dzina lililonse lili ndi mwini wake m'chipindamo. Likatchulidwa, penapake mutu umawerama, wina amakoka chitenje kumaso. Mwana wa ngozi ya pa M1 uja. Mayi adapita pobereka uja. Aphunzitsi aja a Covid.

Kenako adatola kapepala kakang'ono kolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu, ndipo dzina lililonse lidali ndi udindo wa usilikali kutsogolo kwake. Tonse tidadziwa mwini wake: bambo wina amene adapuma usilikali zaka zingapo zapitazo, ndipo adagwirapo ntchito yosungitsa mtendere ku Congo. Sakonda kuyankhula, amakhala pa benchi yomaliza ya abambo. Mayina ake akuwerengedwa adaimirira njo, manja m'mbali.

Dzina limodzi ndidalizindikira: Chancy Chitete. Ameneyu adali mmodzi mwa asilikali asanu ndi mmodzi a ku Malawi omwe adaphedwa mu Novembala 2018 kufupi ndi Beni, pomenyana ndi zigawenga za ADF. Adawomberedwa pomwe ankapulumutsa msilikali mnzake wa ku Tanzania amene adavulala, ndipo mnzakeyo adachira. Mu Meyi 2019, ku New York, mlembi wamkulu wa United Nations António Guterres adapereka kwa banja lake mendulo ya Captain Mbaye Diagne, ulemu waukulu kwambiri womwe bungweli limapereka kwa osungitsa mtendere olimba mtima. Dzina la Chitete lidamveka dziko lonse lapansi. Mayina ena a pa kapepalako ine sindidawadziwe, ngakhale kuti adafa atavala mbendera yanga paphewa.

Masamba awiri aja adatuluka chakumapeto. Akatekisiti adayesa dzina loyamba, lilime lidakana. Adayesanso, ana kutsogolo adayamba kuseka. Adakweza maso n'kunena kuti, "Amayi, bwerani mutithandize. Tisawalakwire abale anu."

Mayi aja adapita kutsogolo, adagwada pang'ono, n'kulandira mapepala awo. Asanawerenge adanena mawu ochepa, kuti a tsamba loyamba adafa kalekale, iwo ali mwana, usiku umene mudzi wawo udatenthedwa. A tsamba lachiwiri ndi a chaka chomwechi, ku Goma. Uthenga adaulandira pa WhatsApp, mawu ojambula a masekondi ochepa. Matupi adaikidwa mwachangu, ambiri pamodzi, ndipo palibe wa pabanja amene adaponyapo dothi.

Tsamba loyamba adaliwerenga bwinobwino, mawu ali gwa. Atatembenukira ku lachiwiri adatchula mayina atatu, pa lachinayi mawu adatha. Adayesa, pakamwa pankangonjenjemera. Tchalitchi chonse chidangoti zii, kumangomveka malata akuthetheka ndi dzuwa.

Ndi pomwe tidamva nsapato kuchokera kumbuyo. Bambo opuma usilikali aja adayenda pakati pa mabenchi mpaka kutsogolo. Adanong'oneza mawu angapo m'Chiswahili, mayi aja adagwedeza mutu n'kuwapatsa pepala. Adawerenga mayina otsalawo limodzilimodzi, mosathamanga, akuwatchula monga amatchulira eni ake, poti adakhalako kumeneko. Pomwe adakayika ankayang'ana mayiwo, iwo n'kuwakonza chapansipansi.

Sindikudziwa amene adayamba, koma ku mbali ya amayi kudamveka kulira kuja kwa pa siwa, kosakweza, kochokera pansi pa mtima. Amayi awiri adadzuka kukawagwira mayi a ku Congo aja m'mapewa, monga timachitira ndi namfedwa. Mmodzi mwa awiriwo adali azakhali anga. Kwaya idayambitsa nyimbo ya maliro, ija timaimba potuluka ndi bokosi m'nyumba, ndipo mpingo wonse udalandira. Bokosi padalibe. Padali dengu la nsungwi ndi mapepala a m'kope.

Mnzanga wa chigongono uja sadaimbe nawo, koma sadayankhulenso. Sindinena kuti adasintha maganizo, sindidamufunse.

Pepala lathu lidali lachiwiri kwa lomaliza. Akatekisiti adawerenga asanu ndi awiri aja, ndipo atafika pa lachisanu ndi chitatu adaima pang'ono, n'kuwonjezera mawu omwe sindidalembe: "amene adapita ku mtengatenga pa Nkhondo ya Chiwaya." Nkhalamba zingapo zidatembenuka kuyang'ana agogo. Iwo adangoyang'ana kutsogolo, milomo ikuyenda.

Titatuluka, agogo ena aamuna a m'mudzi wa kutsidya kwa dambo adabwera kudzawapatsa moni. Adati kwawonso kudali wotere, m'bale wa agogo awo, koma dzina lidawathawa. Adaima nthawi yaitali akuyesa kulikumbuka, akumenya ndodo pansi. Silidabwere.

Zomwe ndidatsutsana ndi mnzanga

Madzulo ake ndidalemba pang'ono za tsikuli pa sitetasi, ndipo mnzanga wa CCAP, wa ku Mvera, adandiyankha msanga. Adati iwo sapempherera akufa, poti munthu akapita nkhani yake yatha, chotsala ndi kutonthoza amoyo. Tidakambirana mpaka bando idatha, ndipo pa chiphunzitso sitidagwirizane. Koma iye yemwe adandikumbutsa kuti amayi a Chigwirizano ndiwo amagona pa siwa usiku wonse akuimba, ndipo safunsa kuti malemuyo adafera kuti. Pamenepo tidakumana. Kaya mumakhulupirira kuti pemphero limamufika wakufayo kaya ayi, wotsalayo amafunika gulu la anthu loti limve dzinalo ndi kuvomera kuti munthuyu adalikodi.

Ndipo pa ntchito imeneyi ine ndikuona kuti mpingo wa kumudzi uli ndi mwayi womwe nsanja za boma zilibe. Pansanja pamafunika umboni: nambala, gulu lomwe udali, tsiku lomwe udafa. N'zomveka, mwala sulembedwa mwachisawawa. Koma nkhondo imapha anthu ambiri opanda mapepala kuposa okhala nawo. Wonyamula katundu, mayi wopsera m'nyumba, mwana wofera panjira pothawa. M'dengu umboni wake ndi woti pali wina amene akukukumbukira, basi.

Si zachilendo kwa ife. Makolo athu a ku Dedza, Ntcheu, Mwanza ndi Nsanje adakhala ndi anthu oposa 1 miliyoni othawa nkhondo ya ku Mozambique, mpaka pomwe mgwirizano wa mtendere udasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Ankapemphera nawo m'matchalitchi amodzi, kuikirana maliro, kukwatirana. Asilikali athu nawo ankalondera njanji ya ku Nacala nthawi yomweyo. Timakonda kunena kuti Malawi sadaonepo nkhondo. Mwina mabomba sadagwe pa Lilongwe, koma amasiye a nkhondo takhala nawo m'badwo uliwonse kuyambira 1914.

Chomwe chikundidetsa nkhawa ndi cha agogo aamuna a ndodo aja. Anthu omwe adamva nkhanizi kuchokera pakamwa pa amene adaziona akutha. Ife tili ndi mafoni otha kujambula mawu maola ambiri, koma timajambula zina. Usiku wa Lamulungu lomwelo ndidawapempha agogo kuti abwereze nkhani yonse, foni ili pa mphasa. Idatenga mphindi 23, kuphatikizapo pomwe adaima kuti akalipire mbuzi. Ndidaitumiza pa gulu la WhatsApp la banja. Amalume a ku Johannesburg adayankha ndi mawu ojambula, akuti adakula mpaka imvi osadziwa kuti kudali munthu wotere.

Lolemba m'mawa ndikukonzeka kubwerera ku tauni, ndidapeza agogo atakhala pa mphasa kuseri kwa nyumba, mpango atavula. Adali atatuma mwana kukagula lezala pa okala.

"Maliro tinalira dzulo," adatero. "Tsopano undimete."

Ndidayang'ana azakhali, omwe adali pa mtondo chapafupi. Ndimayembekezera kuti ayambanso za dzulo zija. Adasiya munsi, adapukuta manja pa chitenje, nabwera kudzandilanda lezalalo.

"Iwe ungawacheke. Katenge madzi ndi sopo."

Ndidapita kukatunga madzi mu ndowa. Pobwera ndidapeza ayamba kale, tsitsi loyera likugwera pa mphasa, agogo atatsinzina, akufunsa ngati minibasi za ku Lilongwe zikulipiritsabe mtengo womwe uja.